Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zachitetezo: tikonzekeretseni tisanavule yunifolomu

Olemekezeka a Nduna a Zachitetezo, bwana Mkulu wa asilikali a MDF, ndi inu aphungu a mukomiti ya zachitetezo ku Nyumba ya Malamulo,

Landirani moni wanga mwaulemu wonse mabwana anga. Ine ndine msilikali wopuma, ndinatuluka ndili ndi nyota za pamkono osati za paphewa, nde zimene ndilembe apazi ndi za ife anthu apansi, ma private, makopolo ndi masajeni. Ndalemba poyera chifukwa anzanga amene akadali mu yunifolomu malamulo a ntchito sawalola kulankhula pagulu, ndipo zimenezo nzabwinobwino, usilikali umayenda ndi mwambo, koma kukhala chete kwawoko sikutanthauza kuti mumtima muli phee ayi. Pitani ku Cobbe, ku Kamuzu, ku Moyale, ku Chilumba kaya ku Mvera, mukapeze munthu amene kwamutsalira zaka zochepa kuti apume, mukakhale naye pansi opanda bwana wake pafupi, akuuzani kuti tulo sakugona. Munthu oti anamvapo zipolopolo zikudutsa pamutu osathawa, lero akuopa kalata yomuuza kuti apume pa ntchito.

Mantha amenewa ndikufuna muwamvetse kaye chifukwa anthu wamba amaona ngati kupuma pa ntchito ndi chimodzimodzi kulikonse, mphunzitsi apuma, kalaliki apuma, msilikalinso apuma basi. Sizofanana. Ambirife tinalowa tili anyamata, tangolemba kumene MSCE, tinapita ku MAFCO, sukulu ya usilikali ku Salima, tisanakwatire, tisanalipirepo lendi, tisanafunsirepo ntchito kwina kulikonse. Kuchoka pamenepo moyo wathu wonse waukulu wakhala mkati mwa mpanda. Nyumba ndi ya ntchito, chipatala chili pompo, nthawi yodzuka ikudziwika, chovala chikudziwika, ukalakwitsa ukudziwa amene akulange ndipo ukavutika ukudziwa khomo loti ugogode, maliro akagwa anzako a mu kampani amabwera onse opanda kuwaitana. Tsiku lopuma zonsezi zimatha limodzi, osati chimodzichimodzi ayi, limodzi. Umabweza makiyi a nyumba, umabweza katundu wa boma, lole imakutula komwe unanena kuti ndi kwanu, nde mawa lake umadzuka m'mamawa mwachizolowezi koma kulibe pelete, kulibe amene akukudikira, palibe olo munthu mmodzi amene akudziwa kuti unali ndani. Anthu akumudzi amangoti abambo aja abwerako, ndipo chimene akuyang'ana ndi thumba lako.

Chimene chimandipweteka kwambiri nchakuti mantha amenewa sitimawatchula, chifukwa tinaphunzitsidwa kuti msilikali sanena kuti ndikuopa. Nde munthu amangoti zinthu zili bwino bwana, mpaka tsiku lifike. Ena amayamba kumwa kwambiri chaka chomalizacho, ena ukali kunyumba, ena amangodwaladwala BP osadziwa chawavuta. Dziko linatenga miyezi yambiri ndi ndalama zambiri kusandutsa mnyamata wamba kukhala msilikali, kumumeta, kumuthamangitsa mumchenga wa ku Senga Bay, kumuphunzitsa kumvera asanafunse. Pobwerera kukhalanso munthu wamba pakufunikanso maphunziro ake, a dongosolo, okhala ndi nthawi yake ndi bajeti yake, oyamba kukadali zaka zingapo, osati masiku ochepa ochezerana kumapeto kenako phwando lotsanzikana ndi mphatso ya wotchi. Pempho langa lalikulu ndi limeneli, zina zonsezi ndikungofotokoza mmene lingayendere.

Nkhani iyi siyachilendo mdziko muno. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a KAR, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda, amene anamenya nkhondo zikuluzikulu zija, ndipo konkonso kuli nyumba zosungirako asilikali okalamba. Mwezi wa November uliwonse timavala maluwa ofiira a poppy, akuluakulu mumayala nkhata, lipenga limalira, timakhala chete. Mwambo umenewu ndimaulemekeza ndi mtima wonse ndipo sindiphonya. Koma nyumba za ku Zomba zija zikutiuza kuti kuyambira kalekale zinkadziwika kuti msilikali akhoza kutumikira bwinobwino nkudzasowa pogwira atakalamba. Ndikupempha kuti chisamaliro chisamayambe munthu ali ndi ndodo, chiyambe akadali ndi mphamvu zoti nkudziyimira payekha.

Taonani zimene dziko lakhala likutituma. Akuluakulu athu analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Mu December 1993 kunali Operation Bwezani yolanda zida a Payoniya. Tapita ku Ivory Coast kukasungitsa mtendere. Kuyambira 2013 takhala ku DRC mu Force Intervention Brigade, gulu la nkhondo la United Nations, limodzi ndi anzathu a ku Tanzania ndi South Africa, ndipo kumeneko sikunali kungoyima pa geti, inali nkhondo yeniyeni m'nkhalango. Mu November 2018 tinataya anyamata asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF, mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne atamwalira kale. Mu January 2025 enanso atatu anatisiya kum'mawa kwa DRC pa nkhondo yolimbana ndi M23. Kuno kumudzi mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche, asilikali anali nawo pofukula matupi ku Chilobwe, ena a ana aang'ono. Amene anafa timawatchula mayina ndipo nkoyenera. Koma pambali pa aliyense amene anagwa panali anzake amene anamuona akugwa, anamunyamula, nkubwera kuno amoyo, ndipo amenewo ndi amene akupuma pa ntchito zaka zimenezi.

Zinthu zimenezo sizitsala pa bwalo la ndege munthu akamatsika. Ndili ndi anzanga oti chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka thupi lonse kunjenjemera, ena sangakhale chofulatira khomo, ena usiku amakuwa mkazi mpaka anasamukira kuchipinda cha ana. Ali muntchito zimabisikako chifukwa tsiku limakhala lodzadza ndipo wazunguliridwa ndi anthu amene anali nawe komweko, simufunika kufotokozerana. Ukapuma nkukakhala wekha pakhonde kumudzi ndi pamene zimabwera zonse, ndipo mankhwala amene ali pafupi ndi kachasu. Munthu akadali muntchito sangapite yekha kukanena kuti mutu wanga sukuyenda bwino, amaopa kuti zilembedwa mufayilo, akamasankha opita ku mishoni zosungitsa mtendere kunja kapena okwezedwa amudumpha, komanso anzake aziti wapenga. Nde mabwana, chonde, uphungu usakhale wa okhawo amene adzipereka okha. Aliyense wobwera ku mishoni, aliyense amene watsala pang'ono kupuma, azionana ndi mlangizi wodziwa za maganizo ngati mmene timayezetsera magazi ndi maso, wina aliyense kuyambira bwana mpaka private, kuti pasapezeke wolozedwa chala. Zokambidwa mmenemo zisamafike pa desiki ya amene amalemba malipoti a kukwezedwa. Abusa ndi mashehe a kubalaki amagwira ntchito yaikulu ndipo ambiri anatithandiza, koma pali zina zofunika munthu amene anaphunzira zimenezo. Mdziko muno akatswiri otere ndi ochepa, tikudziwa, kuli chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, nde bwanji osagwirizana nawo, komanso kutumiza ena mwa anamwino ndi makiliniko ofesala athu omwe akaphunzire ntchitoyi, poti msilikali amamasuka msanga ndi munthu amene anavalapo jombo. Ndipo khomo limenelo lisatsekedwe tsiku lopuma, wopuma azitha kubwerera olo patapita zaka.

Pa ndalama ndiye pali misozi yambiri. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulandira kamalipiro ka pamwezi, kongokwana ufa ndi fizi, tsiku limodzi amaona mamiliyoni mu akaunti. Sanaphunzirepo kugwira ndalama zotere. Abale amene sanabwereko kubalaki olo kamodzi amatulukira, wina fizi, wina malata, wina maliro, ndipo kukana nkovuta poti ndife Amalawi. Kenako amabwera anzeru zabodza aja, uyu akuti gulani minibasi, uyu akuti tiyeni tikaode katundu, uyu akuti ikani kuno zichulukana pamwezi. Ndaona minibasi zambiri za anzanga zili pamiyala kuseri kwa nyumba chaka chisanathe, injini inafa, dalaivala ankaba, mwini wake sankadziwa olo mtengo wa sipeya. Ena gratuity imakafika atayidya kale kwa akatapila, chifukwa pakati pa malipiro omaliza ndi ndalama zopumira pakakhala mpata, kaya fayilo yatsakamira pa desiki iti, banja silingadikire, limadya tsiku lililonse. Ndipo kudikirako pakokha nkuluza. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, nde tangoganizani munthu amene anawerengera kuti ndalama zake zimanga nyumba ya zipinda zitatu, pomadzazilandira simenti ndi malata zakwera, zikungokwana fawundeshoni ndi zipupa.

Apa zofunika sizovuta kwenikweni. Tsiku limene munthu adzapume limadziwika kalekale, lili mufayilo kuyambira pomwe analowa. Nde kukadali zaka ziwiri kapena zitatu, muitaneni, mumupatse pepala lolembedwa bwino kuti bambo inu kapena mayi inu mukadzapuma mudzalandira pafupifupi zakuti nthawi imodzi, pamwezi zakuti, ngongole zanu zotsala ndi izi. Ambiri timatuluka tikungomva za m'maluwa, wina akuti upeza zakuti wina akuti ayi, ndipo mantha ambiri amachokera pa kusadziwako. Mapepala ayambe kuyenda munthu akadali pantchito, zolakwika za mayina ndi masiku obadwa zikonzedwe iye akadali pafupi ndi maofesi, osati azichita kukwera basi kuchokera ku Chitipa kapena ku Nsanje ndi ndalama yobwereka kudzangomva kuti mubwerenso. Ndipo ndikupempha ndi mtima wanga wonse, pakhale lamulo loti banja lisatuluke m'nyumba ya ntchito ndalama zake zisanalowe. Maphunziro a kasungidwe ka ndalama nawonso asamadikire kumapeto, ayambe pomwe munthu akupita ku mishoni koyamba, chifukwa ma alawansi a ku mishoni ndi mwayi waukulu umene msilikali wapansi amakhala nawo woti nkugula puloti nkumanga, ndipo amene anamanga nthawi imeneyo lero akugona tulo. M'mera mpoyamba.

Pophunzitsapo muziitananso akazi athu, ndi amuna a asilikali aakazi. Banja lonse limapuma limodzi. Mayi amene wakhala zaka zonsezi ku malaini akugulitsa mandasi, zitenje kapena nkhuku, makasitomala ake ndi a mubalaki momwemo, banki mkhonde yake ili momwemo, kwaya yake ili momwemo, tsiku losamuka naye ntchito yake yatha ndipo iye alibe penshoni. Ana anabadwira kubalaki, kumudzi amangokudziwa pa holide, ena ali pakati pa sukulu, wina ali Fomu 3 nde mukumusamutsa pakati pa chaka. Kawirikawiri mayi ndi amene amadziwa bwino mtengo wa zinthu kunja kuno kuposa ife, ndipo mabanja amene ndawaona akuyenda bwino atapuma ndi amene anakhala pansi awiri nkupanga pulani limodzi. Nkhani ya malo nayo isaiwalike. Munthu wachoka kwawo zaka makumi awiri kapena kuposa, munda umene ankati ndi wake abale anagawana, ena kwawo nkwa chikamwini nde sakudziwa kuti akafikira kuti, kwa mkazi kapena kwa amayi ake. Milandu ya malo imadya ndalama ndi mtima. Zaka zomalizazo muzimupatsa mpata wokwanira wopita kukalongosola kwa amfumu, ndi munthu womufotokozera mmene malamulo a malo a 2016 aja amanenera pa zolembetsa malo a makolo, adziwe poyambira.

Tsopano za ntchito. Usilikali uli ndi amisiri ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Muli madalaivala a malole akuluakulu, amakaniko, amagetsi, omanga milatho ndi nyumba, a mawailesi ndi makompyuta, achipatala, ophika chakudya cha anthu mazanamazana, oyang'anira masitolo, oyendetsa maboti ku Monkey Bay, oimba bandi. Vuto ndi pepala. Munthu wakonza magalimoto zaka zonsezi koma akapita ku kampani akumufunsa satifiketi imene bwana wa kumeneko angaizindikire, iye ali ndi mapepala a makosi a usilikali oti munthu wamba sangawamve olo atawawerenga kawiri. Chonsecho a TEVETA alipo, ndipo pafupi ndi malo athu akuluakulu pali masukulu a ntchito zamanja, Salima Technical College ili kufupi ndi MAFCO, Lilongwe Technical College ili mumzinda umodzi ndi Kamuzu Barracks, Mzuzu Technical College ndi Moyale chimodzimodzi, Nasawa ili m'boma la Zomba momwe muli Cobbe. Chovuta nchiyani kuti pakhale mgwirizano woti amene ali kale ndi luso akangoyesedwa nkupatsidwa pepala lake akadali muntchito, ndipo amene alibe azipita masana kapena kumapeto kwa sabata chaka chomaliza? Makosi athunso alembedwe m'chilankhulo choti olemba ntchito amve kuti sajeni ndi munthu amene wayang'anirapo anthu makumi atatu, katundu wa ndalama zambiri, nthawi ndi chitetezo chawo, usana ndi usiku.

Amene ndimawadandaula kwambiri ndi anzanga a mfuti basi, oyenda pansi, amene luso lawo lonse ndi la kunkhondo. Kwa iwowa njira imene imaoneka ndi imodzi, ulonda. Sindikunyoza ulonda, ndi ntchito ndipo ikudyetsa mabanja, koma zimawawa kuona munthu amene anatsogolera anyamata m'nkhalango za ku Beni ali pa geti ya munthu usiku wonse ndi chibonga, malipiro osakwana thumba la fetereza, akukalipiridwa ndi mwana wa bwana chifukwa wachedwa kutsegula. Anthu amenewa amadziwa kuwerenga mapu, kuyenda m'tchire, kupulumutsa anthu pamadzi, kupereka chithandizo choyamba, kusunga mwambo pagulu. Chaka chilichonse madzi amasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nkhalango zathu zikutha ndi makala, malo osungira nyama ngati Liwonde, Majete, Nkhotakota ndi Kasungu amafuna anthu olondera odziwa tchire. Bwanji a DoDMA oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a zankhalango ndi makhonsolo asamakhale ndi kaundula wa asilikali opuma a m'boma lililonse, nkumayamba kuyang'ana mmenemo akafuna anthu? Amene akufuna ulimi nawonso athandizidwe mwa magulu, ndi alangizi, osati aliyense payekha kumangoyesa ndi ndalama zake zomaliza.

Pali mawu ena amene ndimawamva anthu akamatiyankhulira, amati asamalireni asilikali opuma chifukwa akavutika asanduka mbava poti amadziwa mfuti. Ine mawu amenewo sindigwirizana nawo ndipo amandinyoza. Anzanga ambiri amene ndikuwadziwa akuvutika mwakachetechete, akulima, akuyendetsa kabaza, akulondera, sanabepo kanthu ka munthu. Musatithandize chifukwa chotiopa. Mutithandize chifukwa tinagwirizana, ife tinapereka unyamata wathu ndi kulumbira kuti tipita kulikonse kumene mutitume olo kukhale kokafa, ndipo tinapitadi.

Musaiwalenso amene amatuluka mosayembekezera. Wina wavulala pa maphunziro kapena ku mishoni, madokotala anena kuti sangapitirize, ameneyo alibe zaka zokonzekera, dzulo anali wamphamvu lero ali ndi ndodo ndipo ana ake ndi aang'ono. Amayi amasiye amene amuna awo anabwera m'bokosi lokutidwa ndi mbendera, mwambo ukatha anthu nkubalalika, amatsala ndi mafunso ambirimbiri a mapepala pomwe achibale a mwamuna ayamba kale kuwerenga katundu. Amenewa pafunika munthu mmodzi wodziwika dzina ndi nambala, woti aziwayendetsa mpaka zonse zithe, osati kumangowatumiza khomo ili ndi ilo.

Bungwe la asilikali opuma la VELOM lilipo ndipo likuyesetsa, koma lisamaoneke nthawi ya poppy yokha, lipatsidwe mphamvu ndi ndalama zoti lifike m'maboma. Munthu asanatuluke azidziwa kale kuti kumene akupitako kuli anzake akuti ndi akuti, amakumana tsiku lakuti. Ndipo potiphunzitsa musamangobweretsa anthu a masuti ochokera ku mabanki okha, muziitana ife amene tinatuluka kale, amene zinatiyendera ndi amene zinativuta omwe, tidzakhale pansi ndi ang'ono athu tiwauze zoona zake, kuti miyezi yoyambirira imawawa, kuti udzalakalaka kubwerera, kuti anthu wamba sasunga nthawi ndipo sungawalamule, uyenera kuphunzira kupempha ndi kudikira, komanso kuti zimatheka, munthu umazolowera nkuyambanso kuseka. Mnyamata amamva msanga zimenezi kuchokera kwa sajeni wake wakale kusiyana ndi mlendo. Ambirife tikhoza kubwera olo mutangotipatsa thiransipoti.

Ndikudziwa kuti muyankha kuti ndalama ndi zochepa, ndipo sindikutsutsa, dziko lili pa mavuto. Koma zambiri zimene ndatchulazi sizofuna mabiliyoni. Kuuza munthu ndalama zake nthawi ikadalipo, kuyamba mapepala msanga, kusainirana mgwirizano ndi masukulu amene alipo kale, kusunga kaundula, kuitana mkazi wake ku maphunziro, zimenezi zikufuna chisankho ndi munthu woti aziyankha zikapanda kuchitika. Ngati zina mwa izi munayamba kale, ndikuthokoza, koma zifike kwa private wa ku Chilumba, zisathere kwa mabwana a ku likulu, ndipo zilembedwe kuti zisamasinthe bwana akasintha.

Kwa inu aphungu, pempho langa ndi loti bajeti ikubwerayi isanadutse, komiti yanu iitane asilikali opuma a maudindo apansi, amayi amasiye ndi amene anatuluka chifukwa chovulala, ochokera zigawo zonse, muwamve nokha pakamwa pawo popanda mabwana awo akale m'chipindamo. Kenako mufunse unduna kuti pa ndalama za chitetezo, zingati zikupita kokonzekeretsa anthu amene akutuluka chaka chimenecho, ndipo yankho lake mutiuze poyera. Mukatiitana tibwera.

Ine wanu mwaulemu,
Sajeni wopuma, Zomba